Mdani wa mbozi naye amafuna chilolezo

Alimi a chimanga ku Manjawira m'boma la Ntcheu akuidziwa bwino mbozi ya fall armyworm, ija imabisala m'mtima mwa phesi n'kusiya masamba ali zibowo zokhazokha. Mbozi imeneyi kwawo ndi ku America. Idaoneka koyamba mu Africa m'chaka cha 2016, ndipo pofika December 2017 boma la Malawi lidalengeza kuti maboma 20 ali pangozi chifukwa cha chilombochi.

Mankhwala opopera ndi okwera mtengo, komanso mbozi zimafika powazolowera. N'chifukwa chake akatswiri a zaulimi amakonda njira ina: kupita kumene chilombo chidachokera, kukapeza mdani amene amachidya kwawoko, n'kubwera naye kuno.

Njirayi idapulumutsapo kale Amalawi. Cha m'ma 1985, kodikodi adasakaza chinangwa ku Nkhata Bay, komwe anthu amadalira kondowole. Chipulumutso chidali kamavu kakang'ono kotchedwa Anagyrus lopezi, kochokera ku Paraguay. Kamavuka kamaikira dzira m'thupi mwa kodikodi, ndipo mphutsi ikaswa imamudya kuyambira m'kati mpaka kufa. Bungwe la IITA la ku Nigeria lidakaweta n'kukamwaza m'mayiko ambiri a mu Africa, kuphatikizapo Malawi. Mlimi sadalipire ngakhale tambala, ndipo Hans Herren, yemwe adatsogolera ntchitoyi, adalandira mphotho ya World Food Prize mu 1995.

Nthawi imeneyo kutenga kachilombo m'dziko lina sikudali kovuta. Zinthu zidasintha mu 1992 pomwe mayiko adagwirizana ku Rio de Janeiro kuti zamoyo za m'dziko ndi chuma cha dzikolo. Mu 2010 kudabwera pangano la Nagoya, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2014, ndipo Malawi ali m'panganoli. Tsopano wofuna chomera kapena kachilombo ka dziko lina ayenera kuyamba wapempha chilolezo, kenaka agwirizane ndi eni ake za momwe adzagawanire phindu.

Cholinga chake n'chabwino. Kampani yakunja singangozula mankhwala azitsamba m'nkhalango zathu n'kukalemera nawo eni ake ali chimanjamanja.

Koma kamavu si katundu wogulitsa. Kakangomasulidwa kamaswana kokha n'kumauluka m'minda ya aliyense, osaona malire. Nanga phindu logawana lichokera kuti? Akatswiri a ntchitoyi akhala akudandaula kuti m'mayiko ena chilolezo chimatenga miyezi kapena zaka, pomwe mbozi sidikira siginecha ya munthu. Iwo akuti phindu likhale kugawana nzeru ndi kuphunzitsana, poti dziko lopereka kachilombo lero ndilo lidzapemphe mawa. Paja kupatsa n'kuika.

Mwayi ulipo pa fall armyworm. Mu 2019 ofufuza adalengeza kuti kamavu kena, Telenomus remus, komwe kamaononga mazira a mboziyi, kadapezeka kali kale m'mayiko a mu Africa monga Kenya ndi South Africa.

Adani ena ali m'munda mwanu momwemo: nyerere, akangaude ndi mbalame. Alimi ena amathira msuzi wa usipa pachimanga kuti nyerere zibwere kudzadya mbozi. Kupopera mankhwala mwachisawawa kumapha abwenzi amenewa, omwe safuna chilolezo cha wina aliyense.