Dzanja Loletsedwa: Anthu Aulumali, Ntchito ndi Uthenga wa Mliri ku Malawi ndi Kunja

Pa zambiri zimene zalembedwa m'maiko olemera zokhudza mliri wa Covid-19, pali ganizo limodzi limene labwerezedwa mpaka layamba kumveka ngati choona cha dziko lonse lapansi, lakuti mliriwo, ngakhale unapha anthu ochuluka, unatsegulira anthu aulumali khomo la ntchito, popeza mabwana amene kwa zaka zambiri ankakana kuti munthu azigwirira ntchito kunyumba anakakamizika kuvomera m'masabata ochepa chabe. Ganizoli silabodza kumene linabadwira, koma amene amabwera nalo ku Malawi n'kumadandaula kuti dziko lino linatsalira chifukwa cha kuchepa kwa intaneti ndi makompyuta amakhala akuyeza ufa ndi tepi ya telala. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu a zaka 5 kupita m'tsogolo, 10.4 mwa 100 aliwonse ali ndi ulumali wina wake, kaya wa maso, wa makutu, wa miyendo, wa kalankhulidwe kapena wa nzeru, ndipo popeza anthu oposa 80 mwa 100 aliwonse m'dziko muno amakhala kumudzi, ambiri mwa iwowa sanalembedwepo ntchito ya muofesi imene akanatha kuisamutsira kunyumba.

Ntchito ya munthu waulumali ku Malawi imapezeka pamene pali khamu. Ndi ya wosoka nsapato amene amayala zida zake pakhonde la sitolo ku Limbe, njinga yake yopalasa ndi manja ili pambali, ndipo makasitomala amamudziwa kotero kuti amasiya nsapato m'mawa osafunsa mtengo. Ndi ya telala wosamva amene mayi amangomulozera diresi ya mnzake n'kumupatsa chitenje, iye n'kumvetsa zonse. Ndi ya wokonza mawayilesi ndi mafoni, wokhoma zidebe ndi mbaula, wogulitsa mayunitsi pansi pa ambulera, ndi woimba wosaona amene amakhala pafupi ndi depoti, mwana ali pambali ndi kambale. Ena mwa amisiriwa anaphunzira luso lawo ku Magomero m'boma la Chiradzulu, pasukulu ya ntchito zamanja ya bungwe loona za anthu aulumali la MACOHA limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1971, ndipo bungwe lomwelo ndilo linatchukitsa oluka nsalu ndi makalapeti a ku Bangwe, amene katundu wawo ankagulidwa kwambiri ndi alendo. Ndege zitaleka kutera ndiponso misonkhano ya m'mahotela itaima, oguwo anasowa. Wosoka nsapato sangasokere nsapato pa intaneti, ndipo minibasi zitalamulidwa kuchepetsa okwera, mitengo inakwera, ndipo woyamba kusiyidwa pasiteji anali amene kukwera kwake kumafuna kuti kondakitala atsike, amunyamule ndi kupezera malo njinga yake.

Apa m'pamene nkhani ya m'bindikiro, kutanthauza lamulo loti anthu onse akhale m'nyumba ndipo misika itsekedwe, iyenera kuonedwa ndi diso lina. Pulezidenti Peter Mutharika atalengeza pa 20 Malichi 2020 kuti dziko lili pangozi, ndipo odwala atatu oyamba atapezeka ku Lilongwe pa 2 Epulo, boma linakonza m'bindikiro wa masiku 21 woyamba pa 18 Epulo. Mavenda anachita zionetsero, ndipo bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC linakatenga chiletso ku khoti lalikulu, kumene woweruza Kenyatta Nyirenda anaimitsa m'bindikirowo pa 17 Epulo, mfundo yaikulu ya odandaula ili yakuti boma silinakonze chimene osauka adye ali m'nyumbamo. Ena akunja anaona ngati kusamvetsa kuopsa kwa matenda. Koma ku Britain boma linkalipira wantchito wokhala kunyumba 80 mwa 100 ya malipiro ake, mpaka mapaundi 2,500 pamwezi, ndipo n'kosavuta kulemekeza m'bindikiro pamene ndalama ikulowa yokha kubanki. Kwa mmisiri wa pakhonde uja, amene ndiwo za madzulo zimachokera pa nsapato ya masana, chiletso cha khoti chinachita zimene ndondomeko iliyonse yolembedwa m'dzina la aulumali sinachite m'chaka chimenecho, pakuti chinamusiyira khonde lake.

Pa nkhani ya uthenga, maiko amene amakonda kuphunzitsa anzawo za ufulu sanaonetse chitsanzo chosiririka. Boma la Britain linkachititsa misonkhano ya atolankhani ku Downing Street pafupifupi tsiku ndi tsiku popanda womasulira chinenero chamanja woima pambali pa nduna, pamene ku Scotland, m'dziko lomwelo, mtsogoleri wa boma la kumeneko panthawiyo, Nicola Sturgeon, ankalankhula womasulira ali m'chipinda momwemo. Zinatengera mayi wina wosamva, Katie Rowley, kukasuma, ndipo mu Julaye 2021 khoti lalikulu linagamula kuti kusowa kwa womasulira pamisonkhano iwiri ya mu Sepitembala ndi Okotobala 2020 kunali tsankho loletsedwa ndi lamulo lawo la 2010. Ku America nako bungwe la anthu osamva linasumira White House, ndipo khoti linalamula kuti womasulira azioneka kuyambira mu Okotobala 2020. Awa ndi maiko amene omasulira ali nawo ochuluka, ndalama zowalipirira zilipo, ndi wayilesi yakanema ili pafupifupi m'nyumba iliyonse, kotero chimene chinasowa ndi kukumbukira chabe kuti wosamva nayenso ali m'gulu la oyenera kuuzidwa.

Mudzi wa ku Malawi uli ndi zofooka zake, koma kuiwala kuuza munthu si chimodzi mwa izo. Dongosolo la uthenga wa maliro, limene ndi lakale kuposa unduna uliwonse, limaonetsa mmene anthu amaganizira: amfumu akauzidwa, anyamata amatumidwa khomo ndi khomo mpaka kumidzi yoyandikana, ndipo pamsewu amayalapo masamba a mitengo kuti wodutsa aliyense, wakumva ndi wosamva yemwe, adziwe kuti pamudzipo pagwa zovuta ndipo wa panjinga atsike. Wosaona amamva kulira, wosamva amaona masamba, ndipo wosayenda amafikiridwa ndi mthenga pakhomo pake, chifukwa kuphonya khomo limodzi ndi mlandu. Uthenga wa mliri unayenda m'njira zomwezi. Unachoka pa wayilesi ya MBC kapena Zodiak n'kufika kwa nyakwawa, kwa mlangizi wa zaumoyo amene amadziwa nyumba iliyonse ya m'dera lake chifukwa cha sikelo ya ana, kwa akulu a mpingo m'milaga ndi m'miphakati, kwa shehe kumzikiti, ndi kwa amayi a banki m'khonde, ndipo pomalizira pake unafika kwa gogo wosaona kudzera mwa mdzukulu amene amawagwira dzanja popita kutchalitchi. Kunena zoona, munthu wosaona ku Malawi sanali wotsalira pa nkhani za mliri, popeza wayilesi ndi mnzake wa tsiku lonse, ndipo kawirikawiri ndiye ankauza a maso awo chiwerengero cha odwala chimene chalengezedwa usiku.

Vuto linali lakuti uthengawo unkaletsa njira imene unadzera. Unkati anthu akhale motalikirana ndipo asagwirane manja, chikhalirecho wosaona amayenda atagwira phewa kapena dzanja la womutsogolera, amazindikira ndalama, chitseko ndi tomato wa pamsika mwa kukhudza, ndipo wa panjinga ya olumala amakankhidwa ndi kunyamulidwa ndi anthu angapo patsiku. Mpondagiya, kachipangizo kosambira m'manja kamene munthu amaponda kamtengo kuti kachigubu kapendeke, kanayamikiridwa kuti n'kaukhondo chifukwa sikafuna kugwira, koma kamafuna phazi, ndipo ndowa za pamakomo a masitolo zinkaikidwa pamwamba poyenera munthu woimirira. Malangizowa analembedwa poganizira thupi limodzi lokha, la munthu woona, wakumva ndi woyenda yekha, ndipo anthu akumudzi, amene sanawerengepo pangano la United Nations la ufulu wa aulumali limene Malawi anavomereza mu 2009, anangowakonza mwakachetechete: mdzukulu anapitiriza kugwira dzanja la agogo, n'kumasamba asanatero sopo akapezeka.

Amene dziko lino linawalakwira kwenikweni ndi osamva, ndipo apa palibe chonyadira. Wayilesi, zinkuzamawu za pagalimoto zimene zinkazungulira m'misika, ndi nambala yaulere ya 54747 ya Chipatala cha pa Foni, zonsezi n'za makutu. Womasulira amaoneka pakona ya kanema wa MBC, koma m'dziko limene nyumba za magetsi zinali pafupifupi imodzi mwa khumi, kanemayo ndi wa ochepa, ndipo omasulira ophunzitsidwa bwino ndi owerengeka, monga bungwe la anthu osamva la MANAD lakhala likudandaula. Kuvala masiki kutakhala lamulo mu Ogasiti 2020, ndi chindapusa cha K10,000, wosamva anatsekeredwa kawiri, chifukwa kuwonjezera pa kuwerenga milomo, chinenero chamanja chimadalira nkhope, ndipo nsidze, masaya ndi pakamwa ndi zimene zimasiyanitsa funso ndi yankho. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020, ana a m'sukulu za osamva za ku Mua, Embangweni, Maryview ndi Mountain View anabwerera kumidzi kumene kawirikawiri palibe wodziwa chinenero chawo kupatula zizindikiro zochepa za pakhomo zonena za nsima, madzi ndi kumunda, ndipo maphunziro amene unduna unakonzera ana okhala kunyumba ankaulutsidwa pa wayilesi. Mwana wotere ankaona anthu atamanga nsalu kukamwa, maliro akuchitika mofulumira, popanda womufotokozera. Ndipo uthenga wodutsa mwa wachibale umafika utasefedwa: ngati mlongo amakhulupirira mphekesera yoti katemera ndi chizindikiro cha chilombo kapena amatseketsa kubereka, wosamva ankalandira mphekeserayo ngati chilengezo cha boma.

Komabe muyezo wotsiriza wa uthenga ndi mtengo umene wolankhula amaika pa moyo wa womvera. Ofesi yowerengera anthu ku Britain inapeza kuti mwa anthu 10 aliwonse amene anafa ndi Covid-19 ku England m'chaka cha 2020, pafupifupi 6 anali aulumali, ndipo bungwe loyang'anira zipatala kumeneko linafufuza madandaulo oti pamafayilo a okalamba ndi a anthu a ulumali wa nzeru pankalembedwa kuti mtima wawo ukaima pasayesedwe kuwatsitsimutsa, eni ake kapena abale awo asanafunsidwe. Ambiri anafera m'nyumba zosungirako anthu, achibale akuwaonera pawindo. Malawi sangadzitame ngati dziko losalakwa, pakuti ndi dziko lomweli limene anthu achialubino akhala akuphedwa ndi kufukulidwa m'manda, ndipo chisoni cha pamudzi nthawi zina chimasanduka kumuganizira munthu wamkulu ngati mwana. Koma akale anasiya mawu akuti lungalunga n'pobadwa, chilema chichita kudza, kutanthauza kuti ulumali ungagwere aliyense pa msinkhu uliwonse, ndipo anthu oleredwa ndi mawu otere sakonda kusonkhanitsa ofooka awo m'nyumba imodzi kutali ndi mudzi.

Thandizo la boma linafika mochedwa. Ndalama ya K35,000 pamwezi imene inalonjezedwa mu Epulo 2020 kwa mabanja osauka a m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba inayamba kulandiridwa mu 2021, mliri utabweranso mwamphamvu n'kupha nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, tsiku limodzi pa 12 Januwale, ndipo nthawi yomweyo dziko linali kufunsa kumene K6.2 biliyoni ya mliri inalowera. Ndalamayo inkatumizidwa pafoni, njira imene inasankhidwa kuti anthu asaunjikane ndi kukhudzana. Wosaona amene dzina lake linalowa m'kaundula sakanatha kuwerenga uthenga wonena kuti ndalama yafika, kotero foni inkapita m'manja mwa mdzukulu yemwe uja, amene ankawerenga mokweza, n'kutsogolera agogo ake mpaka pa kabenchi ka ejenti, n'kudina nambala yachinsinsi imene onse awiri ankaidziwa.