Manifest Destiny: Chikhulupiriro Chimene Chinasuntha Malire a America

Pamene dziko la United States linalengeza ufulu wake m'chaka cha 1776, linali la zigawo 13 zokha zondandalikana m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic. Pofika mu 1848 malire ake anali atafika kunyanja ya Pacific. Malo onsewa anali ndi eni ake: mitundu yambirimbiri ya eni nthaka, ndiponso dziko la Mexico. Funso limene tikufuna kulisanthula ndi ili: kodi anthu amene ankadzitama kuti amalemekeza chilamulo anadzikhutiritsa bwanji kuti kutenga malo a eni kunali kololedwa? Yankho lili pa zinthu ziwiri zimene zinkathandizana, chikhulupiriro ndi zigamulo za makhothi.

Tiyambe ndi chikhulupirirocho. Mawu akuti Manifest Destiny anatchuka kudzera mwa mkonzi wa nyuzipepala wa ku New York, John L. O'Sullivan, m'chaka cha 1845. Tanthauzo lake m'Chichewa ndi lakuti tsogolo loikika kale limene likuonekera poyera. Iye ankati Mulungu anapereka chigawo chonse cha North America kwa Amereka kuti achidzaze ndi kufalitsamo ulamuliro wawo. Poyamba analemba zimenezi polimbikitsa kuti Texas alowe mu United States. Mu Disembala chaka chomwecho, pa mkangano ndi Britain wolimbirana dera la Oregon, anafika ponena kuti maumboni akale a zamalamulo, monga akuti ndani anayamba kufika kapena kukhazikika pamalopo, angoikidwa pambali chifukwa umwini wa America ndi wochokera kumwamba.

Ophunzira asasokoneze mawuwa ndi nkhani ya chikonzero, Qadar, imene timaiphunzira m'mabuku a Aqida. Chikonzero ndi chobisika kwa munthu mpaka chitachitika, ndipo sichimuchotsera udindo pa zochita zake. O'Sullivan ndi anzake ankanena kuti iwo akudziwiratu zimene Mulungu wakonza, ndipo kudziwako ankakutenga ngati chilolezo. Choncho amene ankafuna malowo ndi amenenso ankachitira umboni kuti Mulungu wawapatsa.

Zaka zotsatira zinaoneka ngati zikuvomereza mawu akewo. Texas analowa mu 1845. Mu 1846 America ndi Britain anagawana Oregon. Chaka chomwecho Pulezidenti James K. Polk anatumiza asilikali kudera limene Mexico ankati ndi lake, pakati pa mitsinje ya Nueces ndi Rio Grande, ndipo kutachitika kuwomberana iye anauza nyumba ya malamulo kuti magazi a Amereka akhetsedwa pa nthaka ya America. Nkhondo inatha ndi pangano la Guadalupe Hidalgo mu 1848. Mexico anataya pafupifupi theka la dziko lake, kuphatikizapo California ndi New Mexico, ndipo analandira madola 15 miliyoni. Si Amereka onse amene anagwirizana nazo. Abraham Lincoln, ali phungu, anafunsa Polk mu 1847 kuti aloze malo enieni pamene magaziwo anakhetsedwa. Ulysses S. Grant, amene anamenya nawo nkhondoyo n'kudzakhala pulezidenti, analemba atakalamba kuti inali imodzi mwa nkhondo zopanda chilungamo kwambiri zimene dziko lamphamvu linachitapo pa dziko lofooka.

Tsopano tione mbali ya malamulo, imene ndi yofunika kwambiri kwa ife ophunzira za Fiqh, chifukwa apa m'pamene maganizo anasanduka zigamulo. Mu 1823 khothi lalikulu la dzikolo linaweruza mlandu wa Johnson ndi M'Intosh. Azungu awiri ankalimbirana malo: mbali imodzi inkati inagula kwa eni nthaka, ina inkati inapatsidwa ndi boma. Woweruza wamkulu John Marshall anagamula kuti dziko la ku Ulaya limene linayamba kutulukira malo ndilo linatenga umwini wake, ndipo umwini wa Britain unapita kwa United States. Eni nthaka anatsala ndi ufulu wongokhalapo, ndipo akafuna kugulitsa ankayenera kugulitsa kwa boma lokha. Mizu ya lamuloli imafika ku makalata a apapa a m'zaka za m'ma 1400, monga ya mu 1493 imene inapatsa Spain maiko amene Columbus anafikako. Tisaiwale kuti pa mlandu wosankha tsogolo la eni nthaka onse, panalibe mwini nthaka ndi mmodzi yemwe amene anaitanidwa kudzayankhapo.

Nkhani ya mtundu wa Cherokee ikutionetsa mmene zinthu zinkayendera. Anthuwa anali ndi zilembo zawo zimene Sequoyah anakonza, malamulo olembedwa a mtundu wawo a mu 1827, ndi nyuzipepala yawo kuyambira mu 1828. Komatu golide atapezeka ku Georgia, zonsezi sizinawateteze. Mu 1830 Pulezidenti Andrew Jackson anasaina lamulo losamutsira mitundu ya kum'mawa kutsidya la mtsinje wa Mississippi. Mu 1832, pa mlandu wa Worcester ndi Georgia, Marshall yemweyo anagamula kuti malamulo a Georgia alibe mphamvu m'dera la Acherokee. Chigamulocho chinasowa wochikwaniritsa. Mu 1835 boma linasainirana pangano la New Echota ndi kagulu kochepa ka Acherokee kamene sikanatumidwe ndi mtundu. Mtsogoleri wawo, John Ross, anapereka chikalata chokana chosainidwa ndi anthu zikwi zambiri, koma nyumba ya Senate inavomerezabe panganolo, ndipo linadutsa ndi voti imodzi yokha. Mu 1838 ndi 1839 asilikali anawasamutsira kudera limene lero ndi Oklahoma, ndipo olemba mbiri ambiri amati anthu pafupifupi 4,000 anafa ndi njala, matenda ndi chisanu.

Wophunzira aliyense wa malamulo a malonda aona msanga mafunso amene ali apa. Kodi wogulitsa anali mwini chinthucho, kapena wotumidwa ndi eni ake? Kodi panali kusangalatsidwa kwa mbali zonse, kapena panali kukakamiza? Boma la America linkawadziwa mafunsowa, n'chifukwa chake linkalimbikira kupeza anthu oti asaine. Pepala linkafunika kuti kulanda kuoneke ngati kugula.

Zomwezi zinabwerezedwa kumadzulo. Pangano la Fort Laramie la mu 1868 linatsimikizira mtundu wa Sioux malo aakulu ophatikizapo mapiri a Black Hills, ndipo linati sangachotsedwepo kanthu popanda chilolezo cha amuna atatu mwa anayi alionse a mtunduwo. Mu 1874 asilikali a George Custer analengeza kuti kumapiriko kuli golide. Mu 1877 nyumba ya malamulo inatenga mapiriwo ngakhale kuti osaina anali pafupifupi mmodzi yekha mwa amuna khumi alionse, ndipo anasaina ataopsezedwa kuti sadzalandiranso chakudya. Apa n'kuti mu 1871 boma litasiya kale kupanga mapangano atsopano ndi mitunduyi. Mu 1903, pa mlandu wa Lone Wolf ndi Hitchcock, khothi lalikulu linanena poyera kuti nyumba ya malamulo ili ndi mphamvu yophwanya pangano popanda kufunsa mbali inayo. Malo otengedwa motere ndi amene ambiri ankagawidwa kwa azungu obwera, maekala 160 banja lililonse, motsatira lamulo la Homestead la mu 1862.

Nkhaniyi sinathe. Mu 1980 khothi lalikulu linavomereza kuti Black Hills anatengedwa mosatsata chilungamo, ndipo linalamula chipukutamisozi choposa madola 100 miliyoni. Asioux anakana kulandira, akuti kulandira ndalamazo n'kuvomereza kuti anagulitsa. Ndalamazo zikadali m'manja mwa boma, ndipo zinachulukana mpaka kupitirira madola 1 biliyoni. Mu 2020, pa mlandu wa McGirt ndi Oklahoma, khothi linagamula kuti malire amene analonjezedwa mtundu wa Creek m'mapangano akale akadalipo chifukwa nyumba ya malamulo sinawafafanize. Mu Malichi 2023 likulu la mpingo wa Katolika ku Vatican linalengeza kuti lamulo la kutulukira malo si chiphunzitso cha mpingowo. Koma chigamulo cha mu 1823 sichinathetsedwe, ndipo chikuphunzitsidwabe kwa ophunzira zamalamulo ku America monga maziko a umwini wa malo.

Aphunzitsi amene akufuna chitsanzo pophunzitsa mutu wa mapangano ndi umwini angachipeze pano. Atenge pangano la New Echota kapena la Fort Laramie, afunse ophunzira kuti atchule amene anasaina, amene anawatuma, ndi chimene chikanawachitikira akanakana. Akayankha mafunso atatuwa, aweruze okha ngati malowo anagulidwa kapena analandidwa.