Manambala akazungulira ngati nkhata

Mukafika pamsika wa Lizulu, yang'anitsitsani nkhata imene amayi amasenzera dengu la kachewere. Imayambira pakati n'kumazungulira kupita kunja. Tengani kope la masamu lija la timabokosi, tikulunge manambala chimodzimodzi.

Lembani 1 pakati pa tsamba, 2 kumanja kwake, 3 pamwamba pa 2, kenako 4 ndi 5 kumanzere, 6 ndi 7 kutsika, 8, 9 ndi 10 kumanja, n'kukweranso. Mukafika pa 100, thirani mzere kunsi kwa ma prime number onse, aja ogawika ndi 1 ndi iwo eni basi. Mbatata 12 mutha kuziunjika milu itatu yofanana, koma 13 zimakana pokhapokha muike imodziimodzi. Ndiye 13 ndi prime.

Kankhirani kope patali pang'ono. Muona kuti ma prime ambiri afola m'mizere yopingasa. Stanisław Ulam, katswiri wa masamu wochokera ku Poland, anaona zimenezi mu 1963 akungolembalemba papepala, msonkhano utamutopetsa. Mu Marichi 1964 chithunzicho chinali pachikuto cha magazini ya Scientific American.

Mbali ina ya chinsinsichi ndi ma factor. Mzere wopingasa uliwonse umakhala wa manambala a even okhaokha kapena a odd okhaokha. A even onse amagawika ndi 2, choncho theka la mizere ilibe prime, kupatula 2 mwini wake. Mzere wa 9, 25, 49, 81 nawonso ndi wouma, poti onsewo ndi ma square.

Tsopano pamene pakoma. Yambaninso, koma pakati muikepo 41. Mzere wodutsa pa 41, 43 ndi 47 ukupatsani 53, 61, 71, 83, 97, 113, onse ma prime! Amachokera ku n² + n + 41, imene Leonhard Euler anaitchukitsa m'zaka za m'ma 1700. Palibe prime yochepera 41 imene imagawa nambala iliyonse ya mumzerewu, ndiye ma prime amatsatizana okwana 40, mpaka 1,601.

Apa ndi pomwe ambiri amagwa m'mbuna: ayesa manambala khumi, aona zikutheka, basi akuti lamulo lapezeka. Ikani n = 40. Mupeza 40 × 41 + 41. Mbali zonse ziwiri zili ndi factor 41, ndipo yankho ndi 1,681, yemwe ndi 41 × 41. Mzere waduka. Nchifukwa chake aphunzitsi a masamu amaumirira umboni, sikuti ndi nkhanza ayi.

Kupitirira pamenepo ma prime amabwerabe, modumphadumpha. Kodi mumzerewu adzatha, kapena alipo osatha? Mu 1923, G. H. Hardy ndi J. E. Littlewood anaganiza kuti satha, ndipo makompyuta akuvomereza paliponse pamene afika. Koma umboni wake palibe amene waupeza mpaka lero.