Mlandu wa Kagalu Kokodza Kali M'tulo

Pali mlandu wina umene umazengedwa m'makomo ambiri mbandakucha, wopanda mboni ndi wopanda nkhoswe, ndipo woimbidwayo sapatsidwa mpata wodziyankhira, pakuti alibe lilime la anthu. Mwini nyumba akatsegula chitseko, napeza chiguduli chimene anayalira kagalu kake pakhonde chitanyowa, kagaluko kakugwedeza mchira pokondwera kuona mbuyake, chimene chimatsatira kawirikawiri ndicho mkwiyo: wina amathyola kamtengo nakakwapula, wina amakagwira pakhosi nakakhudzitsa mphuno pamkodzowo, poyesa kuti potero kaphunzira mwambo. Ine ndinena poyera kuti chiweruzo chotere n'chokhota, pakuti cholengedwa sichingalangidwe pa chinthu chimene chinachitika icho chili m'tulo tofa nato.

Tiyambe ndi chibadwa cha galu. Kagalu kakangobadwa sikatha kukodza pakokha. Make ndiye amakanyambita pamimba ndi pansi pa mchira kuti mkodzo utuluke, ndipo amachita chomwecho kufikira masabata 3 kapena 4. Pamenepo tiagalu timayamba kukwawa kuchoka pogona pawo pofuna kudzithandiza, popanda munthu wotiphunzitsa, chifukwa galu mwachibadwa amanyansidwa kuipitsa malo amene amagonapo. Tsono kagalu kakadzuka m'chithaphwi cha mkodzo wake womwe, tidziwe kuti sikanachite dala, koma kuti thupi lake linalephera kusunga chimene linayenera kusunga.

Mkodzo umapangidwa mu impso ziwiri, nutsika m'timachubu tiwiri kukalowa m'chikhodzodzo, ndipo pakhosi pa chikhodzodzocho pali mnofu womanga njira, monga luzi limanga kukamwa kwa thumba. Mwa kagalu ka miyezi 2 thumbalo n'laling'ono, luzi lake n'losakhwima, ndipo mitsempha yotengera uthenga ku ubongo kuti chikhodzodzo chadzaza sinazolowere ntchito yake. Kenaka tulo tikafika, minofu yonse ya thupi imalefuka, madontho n'kupulumuka. Oweta agalu ali ndi muyeso wongoyerekeza, wakuti kagalu kamatha kupirira pafupifupi ola limodzi pa mwezi uliwonse wa msinkhu wake, ndipo tambiri timafika podzigwira bwino pakati pa miyezi 4 ndi 6. Chotero kagalu kakang'ono konyowetsa pogona mwa apo ndi apo, kamene kakudya bwino ndi kusewera mwamphamvu, mankhwala ake ndiwo kuleza mtima: kukatulutsa panja kasanagone, kukadzutsa kamodzi pakati pa usiku, kukatulutsanso m'mamawa ndiponso kakangotha kudya, ndi kukasisita mokayamikira kakakodza pamalo oyenera. Akulu anati walira mvula walira matope. Amene anafuna mlonda wa pakhomo ayenera kulandiranso ukhanda wake.

Koma sikuti kunyowa kulikonse n'kwa ukhanda. Ngati kagalu kapitirira miyezi 6 kakadachitabe usiku ndi usiku, kapena kanali katasiya n'kuyambiranso, kapena ubweya wa m'ntchafu mwake suuma ngakhale masana, pamenepo nkhani yasanduka ya matenda.

Nthenda yofala pa izi ndiyo ya tizilombo tolowa m'chikhodzodzo, makamaka bakiteriya wotchedwa E. coli, amene kwawo ndi m'matumbo, koma amakwera njira ya mkodzo nayambitsa kutupa. Tiagalu tatikazi timagwidwa msanga popeza njira yawo ndi yaifupi. Kagalu kotere kamanjuta kawirikawiri koma n'kutulutsa pang'ono, nthawi zina kakulira, mkodzo uli wonunkha kapena wosakanikirana ndi magazi, ndipo sikaleka kudzinyambita. Dokotala wa ziweto amafuna kupima mkodzowo. Choncho mwini wake achita bwino kuutapa m'mawa m'kambale kotsukidwa bwino, kuuthira m'kabotolo koyera, ndi kupita nawo tsiku lomwelo usanagonere. Mankhwala akaperekedwa amwedwe onse mpaka atathe, ngakhale kagalu kaoneke kuti kachira pa tsiku lachitatu.

Chimene chimandimvetsa chisoni koposa ndicho chilema chobadwa nacho chimene madokotala amachitcha ectopic ureter, pakuti tiagalu tokhala nacho ndito timamenyedwa kwambiri popanda tchimo. Mwa kagalu kotere, kachubu kamodzi kochokera ku impso, kapena tonse tiwiri, sikalowa m'chikhodzodzo monga mwa chilengedwe, koma kamachilambalala n'kukatsegukira kunsi kwa mnofu womanga uja, monga ngalande imene yaphonya dziwe nimangotayira madzi kutsidya kwa chotchinga. Mkodzo wotere ulibe pousunga. Umangodontha usana ndi usiku, kagalu kali maso kapena kali m'tulo, kuyambira pa kuyamwa. Chosokoneza n'chakuti ngati chilemacho chili mbali imodzi yokha, impso inayo imadzazabe chikhodzodzo, kotero kuti kagalu kamakodzanso bwinobwino panja, mwini wake n'kumati, "Si uyu amatha? Usiku amangochitira mwano." Vutoli limaoneka kwambiri mwa tatikazi, ndipo m'maiko mmene mitundu ya agalu imalembedwa m'kaundula ladziwika makamaka pa Siberian Husky, Labrador Retriever ndi Golden Retriever, ngakhale galu wa mtundu uliwonse angathe kubadwa nalo. Limapezeka pounika m'mimba ndi makina, kapena polowetsa kakamera kakang'ono m'njira ya mkodzo, ndipo kukonza kwake ndi opaleshoni, kapena kudula ndi kuwala kwa laser kumene zipangizozo zilipo. Ndiyenera kuchenjeza kuti ena mwa agalu ochitidwa opaleshoniyo amapitirizabe kudontha pang'ono, chifukwa mnofu wawo womanga nawonso unabadwa wofooka, ndipo amafunika mankhwala pambuyo pake.

Kufooka kwa mnofuwo kumabweranso pakokha, ndipo chizindikiro chake ndicho chomwe tayamba nacho: masana kagalu kali bwino, koma kakagona pansi kamasiya banga. Tatikazi tina timachira tokha tikafika nyengo yoyamba yofuna amphongo, n'chifukwa chake dokotala angalangize kuti opaleshoni yotseka kubereka iyambe yadikira. Kwa agalu amene sachira pali mankhwala otchedwa phenylpropanolamine, olimbitsa mnofuwo, ndipo kwa aakazi amene anayamba kudontha atatsekedwa kale pali estriol. Izi zisatengedwe ngati chifukwa chokanira kutseka agalu, pakuti tiagalu tosafunidwa tongoyendayenda m'misika n'tambiri kale. Nkhani ili pa kusankha nthawi yake mogwirizana ndi dokotala.

Palinso kagalu kamene chikhodzodzo chake chili bwino, koma kamamwa madzi mopitirira muyeso, mkodzo n'kuchuluka kuposa thumba lousunga. Madokotala amayamba kukayikira galu akamamwa madzi oposa mamililita 100 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa tsiku, ndiye kuti kupitirira theka la lita kwa kagalu ka makilogalamu 5. Ludzu lotere lingachokere ku impso zosapangika bwino, ku nthenda ya shuga, kapena ku mankhwala onga prednisolone. Pano ndipempha ndithu: musakamane madzi kagaluko poganiza kuti mphasa iuma, makamaka m'chilimwe dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, pakuti kagalu ka impso zodwala kakamanidwa madzi kangathe kufa. Ndipo ngati kukodza kwayamba kagalu katagundidwa ndi njinga, kapena kataponderezedwa msana, miyendo yakumbuyo n'kumakokeka, musadikire kuti kuche kawiri.

Pamene thandizo likufunidwa, kagalu kasamalidwe mwachifundo. Mkodzo ukakhalitsa pakhungu umawaula nusiya zilonda, ndipo zilondazo zimaitana ntchentche zoikira mphutsi; choncho ntchafu ndi mimba zitsukidwe ndi madzi ofunda n'kupukutidwa, zogonera zichapidwe ndi kuyanikidwa padzuwa tsiku ndi tsiku. Wochapayo asambe m'manja ndi sopo, ndipo ana asasewere ndi ziguduli zonyowazo, popeza nthenda ya leptospirosis imatha kuchoka mu mkodzo wa galu kulowa mwa munthu. Mankhwala a anthu opha ululu asaperekedwe mwachisawawa: ibuprofen amatha kuboola chifu ndi kuononga impso za galu.

Safunsa anadya phula. M'madera akumidzi muli alangizi a ziweto a boma, ku Lilongwe kuli chipatala cha bungwe la LSPCA, ku Blantyre kuli cha BSPCA, ndipo m'mizinda muli madokotala ena oima paokha. Popita kumeneko nenani msinkhu wa kagaluko, tsiku limene kanayamba, ngati kamadontha masana kapena usiku wokha, ndi kuchuluka kwa madzi amene kamamwa. Inu amene mawa mudzapeza chiguduli chonyowa pakhonde panu, ikani pansi kamtengoko, mutenge kabotolo koyera, mupite nako kagaluko kwa dokotala.