Gitala wolira ku Dzaleka

Chimene chimandikokera ku Tumaini Festival ndi magitala. Chikondwererochi anachiyambitsa ndi Menes la Plume mu 2014, kumsasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka m'boma la Dowa. Kulowa n'kwaulere, choncho mnyamata amene dzina lake silinamveke pawailesi amapeza khamu lomumvera: a ku Congo, a ku Burundi, a ku Rwanda, ndi ife otsetsereka m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi.

Mukapeza woimba blues, imani pafupi muone zala zake. Amakankhira nsambo m'mwamba mpaka mawu a gitala atapindika, n'kumalira ngati namfedwa. Akaimba mzere umodzi amaubwereza, gitala n'kumuyankha. Maimbidwewa anabadwira pakati pa zidzukulu za akapolo kummwera kwa America, makamaka ku Mississippi, koma khutu lomwe linakulira nyimbo za malemu Allan Namoko siliwamva achilendo. Apa kuvina kumachepa. Anthu amangoti zii, kenako malikhweru ndi nthungululu.

Kwa ine, foni siingakupatseni zimenezi. Mukamva kuti wachinyamata wa gitala akuimba kufupi ndi kwanu, pitani mukamuonere, ndipo mukamufupe.