Musanagule sipika ina, yambani mwatsegula bokosi

Perekaniperekani anali atangofika pokoma. Akuchimuna anali atalowa m'bwalo, ndalama zili m'manja, fumbi lili koboo. Mwadzidzidzi mawu a wotsogolera mwambo anayamba kumveka ngati akulankhulira mumtsuko. Besi inkagundabe, koma mayina a oitanidwa sankamvekanso. Anthu anayamba kubwerera m'mipando, ndalama zija n'kubwereranso m'matumba. Kuseri kwa tebulo, mwini zoimbira, yemwe ndi msuweni wanga, anali thukuta kamukamu. Matwita onse awiri anali atapsa.

Izi zinachitika pachinkhoswe china kufupi ndi Santhe, zoimbirazo zisanathe n'komwe miyezi iwiri chigulireni. Ndalama yake inali ya fodya wa chaka chonse: kufesa nazale, kuwokera, kuthyola, kusoka, kuyanika m'chigafa, kusankha, kudinda mabelo, mpaka kukafika kumsika wa Chinkhoma. M'mawa mwake iye anadzuka ndi maganizo okagula masipika ena akuluakulu. Tisanapite, tinamasula bokosi limodzi kuti tione. Waya wochokera ku ampulifaya unangolunjika ku twita, popanda kalikonse pakati. Matabwa ake anali opyapyala, okhomedwa ndi misomali basi.

Nkhani ngati iyi si yachilendo kuno ku Kasungu. Msika wa fodya ukatsegulidwa, kawirikawiri mu Epulo, achinyamata ambiri amathamangira malata, njinga yamoto, sola kapena zoimbira. Zoimbirazo ndi bizinesi: maukwati, zinkhoswe, misonkhano ya kutchalitchi, ndi nyumba zoonetsa mpira. Wogula amayang'ana kukula kwa sipika ndi manambala a mawati olembedwa pachikatoni. Koma mawu amafera pamalo awiri amene sayang'anidwa: pa crossover ndi pabokosi lenilenilo.

Kasefa wa mawu

Khutu la munthu wachinyamata limamva mawu kuyambira 20 Hz, amene ndi besi yakuya yogwedeza chifuwa, kufika 20,000 Hz, amene ndi mawu ang'ono kwambiri. Sipika imodzi singatulutse bwino onsewa. N'chifukwa chake m'bokosi mumakhala wufa, sipika yaikulu ya besi, ndi twita, kasipika kakang'ono ka mawu okwera, amene amachititsa kuti malankhulidwe amveke bwino.

Amene anasankhapo fodya amvetsa msanga ntchito ya crossover. Tsamba lililonse limapita pamulu wake, ndipo belo losakaniza limabwezedwa kumsika. Crossover imasankha mawu chimodzimodzi: otsika kwa wufa, okwera kwa twita. Imachita izi ndi tizipangizo tiwiri. Kapasita imalola mawu okwera kudutsa n'kutsekereza besi, choncho imaikidwa pawaya wopita ku twita. Koyilo, amene ndi waya wakopa wokulungidwa maulendo ambiri, imalola besi n'kutsekereza mawu okwera, choncho imaikidwa pawaya wopita ku wufa.

Waya wa m'kati mwa twita ndi wowonda ngati tsitsi. Ukalandira mphamvu ya besi, umatentha n'kuduka. Izi ndi zomwe zinaonekera msuweni wanga pakati pa anthu.

Zimene amachita a masipika opyapyala

Kunja kuno kuli anthu amene nkhani ya crossover ndi matabwa anaitenga ngati nthenda. Ena mwa iwo ndi eni masipika otchedwa planar, amene alibe bokosi ngakhale pang'ono. Amaima ngati chitseko, ataliatali koma opyapyala. Odziwika kwambiri ndi a kampani ya Magnepan ya ku White Bear Lake m'chigawo cha Minnesota ku America, imene Jim Winey anaiyambitsa mu 1969. M'malo mwa wufa yozungulira, muli pulasitiki yopyapyala kwambiri yotchedwa Mylar, yokungidwa pafelemu ngati chikopa cha ng'oma. Papulasitikiyo anamatapo timawaya ta aluminiyamu, ndipo pafupi pake pali mizere ya maginito. Magetsi a nyimbo akadutsa m'timawayamo, pulasitiki yonse imanjenjemera n'kutulutsa mawu kutsogolo ndi kumbuyo komwe.

Eni ake ena akatopa ndi mawu ake, sataya masipikawa. Amavula nsalu yakunja n'kuchita zinthu ziwiri. Choyamba, amachotsa makapasita ndi makoyilo akale n'kuikamo ena abwino a manambala omwewo. Chachiwiri, amalimbitsa felemu: ena amaika miyendo yachitsulo yochirikiza kumbuyo, ena amapalitsa felemu yatsopano ya mtengo wolimba. Maganizo awo ndi akuti chofunika kunjenjemera ndi pulasitiki yokha. Felemu ikamagwedezeka nawo, mphamvu ina ya nyimbo ikutayikira m'matabwa. Iwo eni amatsutsana ngati kapasita yodula kwambiri imasinthadi mawu, koma zoti kachipangizo kotha ntchito ndi thabwa logwedera zimaononga mawu, palibe amakana.

Masipika amenewa si oti n'kupita nawo kuukwati ku Chamama. Amafuna ampulifaya yamphamvu, amafuna kutalikirana ndi khoma pafupifupi mita imodzi, ndipo besi yake siingadzaze bwalo. Chotengako kwa eni akewo ndi nzeru yake: konzani kasefa, limbitsani thabwa. Ziwirizi zimatheka ndi soda, kalipentala wa pamsika ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi sipika yatsopano.

Yambani ndi kapasita

Zimitsani ampulifaya, chotsani mawaya onse, kenako masulani wufa kuti muone m'kati. Tsatirani waya wopita ku twita. Mukapanda kupeza kapasita panjira, mwapeza vuto. Mukaipeza yotupa, yong'aluka kapena yochucha, isintheni ndi ina ya nambala yomweyo, ndipo mavoti ake akhale ofanana kapena oposa.

Pamene panalibe kapasita, werengani ma ohm olembedwa kumbuyo kwa twita. Twita ya 8 ohm ikapatsidwa kapasita ya 4.7 µF, imayamba kugwira ntchito pafupifupi pa 4,200 Hz. Ya 3.3 µF imakweza malirewo kufika pafupifupi 6,000 Hz, zomwe zimateteza twita kwambiri. Twita ya 4 ohm imafuna pafupifupi 10 µF kuti iyambire pa 4,000 Hz. Kumbukirani izi: nambala ikakula, besi yofika ku twita imachuluka. Musamati yaikulu ndiye yamphamvu.

Kapasita yake ikhale yopanda pulasi ndi mayinasi. Wogulitsa mumuuze kuti mukufuna non-polar. Ikasowa, amisiri ali ndi njira ziwiri. Makapasita wamba awiri a 10 µF, mukalumikiza mayinasi ndi mayinasi, amagwira ngati imodzi ya 5 µF yopanda mbali. Kapena tengani a fani ya kudenga: awiri a 2.5 µF, olumikizidwa mogundanitsa miyendo yonse iwiri, amapanga 5 µF. Ngati yangochotsedwa kumene pafani, gunditsani miyendo yake ndi sikuludiraiva ya chogwirira chapulasitiki kuti magetsi otsalira atuluke.

Njira ina yakale, imene ngakhale mafakitale ena amagwiritsa ntchito, ndi kuika babu la galimoto la 12V, monga la 21W la indiketa, pawaya womwewo wopita ku twita. Mukamaimba bwinobwino babu limakhala lozima. Mukakweza mopyola, limayaka n'kumwa mphamvu imene ikanaotcha twita. Likayamba kuwala, likukuuzani kuti tsitsani.

Pomanga, onetsetsani kuti mawufa onse akukankhira mbali imodzi. Gunditsani batire la tochi la 1.5V pamiyendo ya wufa: pulasi ikakhala pa pulasi, pepala limatulukira kunja. Imodzi ikamatuluka ina ikulowa, besi imadyana yokha. Twita musaiyese chonchi.

Bokosi lisamaimbe nawo

Tsegulani nyimbo ya besi, ikani chikhatho pambali pa bokosi. Likamanjenjemera ngati chigayo, mphamvu ya batire lanu ikuthera m'matabwa. Gogodaninso ndi chala. Bokosi labwino limayankha mogontha, loipa limalira ngati chigubu chopanda madzi.

Pulayiwudi ya 18 mm ndi yabwino pamabokosi oyendayenda pangolo kapena palole. Matabwa a utuchi wopanikiza amafufuma akanyowa, ndipo mvula ya Disembala siichenjeza. Ngati bokosi mwagula kale, muuzeni kalipentala aike mipiringidzo m'kati, yolumikiza mbali ndi mbali, kutsogolo ndi kumbuyo, pogwiritsa ntchito guluu wa matabwa ndi masikuluu. Misomali yokha imamasuka ndi besi. Musavutike kusaka mlombwa kapena mbawa. Mitengo yachilengedwe yachepa kwambiri kuno ndi zigafa komanso makala, ndipo paini kapena malaina wouma bwino amakwanira.

Matani mipata yonse ya m'makona, chifukwa mpweya wothawira pamng'alu umalira likhweru. Bowo lozungulira limene opanga anasiya dala, lisiyeni momwe liliri, pakuti kukula kwake anachita kuyeza. M'makoma a m'kati yalanimo bulangete lakale kapena thonje la m'pilo, osatseka bowolo.

Batire nalo limapha twita

Kumene magetsi a ESCOM sanafike, zoimbira zimadalira batire ndi invetala. Dzuwa likamapendeka batire limafooka, mawu amatsika, ndipo dzanja limathamangira kukweza. Apa ampulifaya imayamba kutulutsa mawu osasa, okhala ngati akung'ambika, ndipo mawu amenewa amaotcha twita ngakhale pali crossover. Mukamva kusasa, tsitsani. Akuluakulu anati ng'oma yolira sichedwa kung'ambika.

Samalaninso pochulukitsa masipika pawaya umodzi. Awiri a 8 ohm amakhala 4 ohm, anayi amakhala 2 ohm. Onani nambala yolembedwa kumbuyo kwa ampulifaya, musatsike kupyola pamenepo. M'kati mwa ampulifaya kapena invetala musalowemo nokha, mumakhala magetsi oopsa ngakhale mutazimitsa. Imeneyo ndi ntchito ya mmisiri.

Ndipo makutu alibe sipeya. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limachenjeza kuti achinyamata oposa 1 biliyoni ali pachiopsezo choonongeka makutu chifukwa cha phokoso. Ana amene amakonda kuunjikana kutsogolo kwa sipika paukwati, asuntheni.

Msuweni wanga uja sanagulenso masipika ena. Anagula matwita awiri, makapasita awiri ndi mababu awiri, kalipentala n'kumuikira mipiringidzo tsiku limodzi. Banja la chinkhoswe chija analibwezera theka la ndalama, ndipo linamuitananso paukwati. Masiku ano akamaimba, maso ake sachoka pa kababu kaja, kamene anakaboolera kabowo kuti kazionekera kunja.