Wi-Fi ya mu ofesi sidikira bandulo

M'maofesi ang'onoang'ono amene ndimakonzamo makompyuta, fayilo imachoka kwa mlembi kupita kwa bwana pa fulashi kapena pa WhatsApp. Zonsezi sizindisangalatsa. Fulashi imayenda m'makina a aliyense, n'kubwerako ndi kavairasi kaja kobisa mafoda. WhatsApp imadya bandulo ya wotumiza ndi ya wolandira yomwe, chikhalirecho anthuwo akhala moyang'anizana.

Ambiri sadziwa kuti Wi-Fi ndi intaneti n'zosiyana. Rauta, kabokosi ka tinyanga kaja, imalumikiza malaputopu ngakhale mulibe bandulo. Laputopu ikangolowa, rauta imaipatsa nambala yakeyake, kawirikawiri yoyamba ndi 192.168, ndipo makinawo amapezana ndi nambala zimenezi. Fayilo situluka m'nyumbamo.

Rautayo muyiike pamalo okwera, chapakati pa ofesi, osati m'kabati yachitsulo poopa akuba. Marauta ambiri amaulutsa pa 2.4 GHz ndi pa 5 GHz. Yoyambayo imabooleza makoma a njerwa koma ndi yochedwerapo; yachiwiri ndi yaliwiro, kungoti siyenda mtunda. Ngati nonse muli m'chipinda chimodzi, tengani ya 5.

Musanagawane kanthu, tsekani khomo. Pasiwedi imene inabwera ndi rautayo isintheni tsiku lomwelo. Pa chitetezo sankhani WPA2, imene inayamba mu 2004, kapena WPA3 ya mu 2018. Rauta yodziwa WEP yokha ndi yotaya, chifukwa imathyoledwa m'mphindi zochepa. Alendo opempha Wi-Fi, ndipotu sasowa, apatseni ya Guest: intaneti apeza, koma mafoda anu sawaona.

Pa Windows m'pamene anthu amakodwa. Laputopu iliyonse muiuze kuti netiweki imeneyi ndi Private, chifukwa ikaiyesa Public imadzibisa ngati ili pa bwalo la ndege. Kenako yatsani Network discovery ndi File and printer sharing. Pa kompyuta imodzi pangani foda, dinani batani lakumanja la mbewa, lowani mu Properties, kenako Sharing. Gawanani foda imodzi yokhayo, osati drive ya C yonse, pokhapokha ngati mukufuna kuti aliyense adziwe malipiro a mnzake. Woyenera kungowerenga mpatseni Read. Read/Write ndi ya amene ntchito yake ndi kusintha zolembedwazo. Enawo alembe \\ ndi dzina la kompyutayo mu File Explorer, fodayo ionekera. Wa Mac alowa kudzera mu Finder polemba smb:// patsogolo pa dzinalo.

Wina akakuuzani kuti muyatse SMB1, njira yakale yogawirana mafayilo, kuti kompyuta yakale ione zinzake, kanani. Mpata wa mu SMB1 ndi umene vairasi ya WannaCry inadzera mu May 2017, pamene zipatala za NHS ku Britain zinafika pobweza odwala.

Foda ija imakhala ndi moyo pokhapokha kompyuta yoisunga ili yoyaka. Mukaiika pa laputopu ya bwana, iwo akapita ku msonkhano ku Mangochi ofesi yonse yaima. Ine ndimasankha desktop yosachoka pamalo, n'kuiletsa kugona. Magetsi akathima malaputopu amapitiriza ndi mabatire, koma rauta ndi desktop zimafa pomwepo, choncho zonse ziwiri zikhale pa UPS, bokosi la batire losunga magetsi. Ndipo popeza wa Read/Write akafufuta fayilo pa netiweki sipita mu Recycle Bin, Lachisanu lililonse koperani foda yonseyo pa hard drive ina yosungidwa kunja kwa ofesi.